Kanjinga Kamene Anagawana Pamaliro

A Piedade anasiya kudya nyengo ya manachesi, mitengo italemedwa mpaka nthambi kugunda pansi. Malungo analibe, m'mimba sanadandaule, ndipo mano amene anatsala anali olimba ndithu. Anangoyamba kukankhira chakudya kumbali n'kupinda manja.

"Mama, idyani chisanazizire," ankatero mwana wawo Orlanda.

"Iwe, ulemu unausiya kuti? Ndidye bambo ako ali panjira?"

Bambo akewo, a Custodio, anali atagona kumanda zaka zambirimbiri. Koma mutu wa a Piedade unali utayamba kutaya zinthu. Unataya kaye mayina a adzukulu, kenako njira ya kutchalitchi, ndiye tsiku lina unataya maliro a mwamuna wawo. Orlanda anayesa kuwakumbutsa kamodzi. Mayiwo analira ngati uthenga wafika tsiku lomwelo, koma m'mawa mwake anali ataiwalanso, ali pakhonde kudikira. Orlanda sanabwerezenso, chifukwa sanafune kuwaliritsa maliro amodzi kawiri.

Kuchipatala anawayeza paliponse n'kunena kuti ndi ukalamba, muziwanyengerera adye. Kunyengerera! Amene ananena zimenezo sankawadziwa a Piedade. Mayiwo ankalola tiyi, ankalolanso tizigawo ta nachesi poti chipatso si chakudya, basi. Manja anayamba kuonda, chitenje chinayamba kuwazungulira kawiri. Njinga zamoto za kabaza zinkadutsa pamsewu tsiku lonse, iwo osatembenuka n'komwe.

"Zimenezo ndi ng'ombe," ankatero. "Ya bambo ako imalira ngati njuchi."

Ya bambo akeyo inali kanjinga kamoto kakang'ono, kafupi moti munthu wamkulu akakwera maondo ankam'fika pachifuwa. Pakhomopo ankakatchula kuti motinya. A Custodio anakapatsidwa ndi mzungu wa sitolo amene ankamugwirira ntchito ku Tete, mzunguyo akunyamuka ulendo wosabwerera. Nkhondo itafika kumudzi kwawo, kanjinga komweko ndi kamene kanawaolotsa malire: a Custodio pahandulo, a Piedade kumbuyo atasenza mtolo, Orlanda ali kamwana atam'khazika pa tanki. Za nkhondoyo Orlanda sakumbuka kanthu. Amakumbuka tanki yofunda pansi pa ntchafu zake, fungo la petulo, ndi mapiri amene ankabwera okha kudzakumana nawo n'kupatuka mwaulemu. Mtendere utabwera, anzawo akukwera malole kubwerera kwawo ndipo kuno anthu ali kalikiliki ndi zipani zatsopano, a Custodio anati iwo atopa ndi kusamuka. Anapempha malo kwa Kanduku n'kuyamba kupikula buledi ku Zobue, kumagulitsa m'midzi. Dzuwa likapendeka motinya inkamveka ikadali kuseri kwa phiri, ndipo a Piedade ankadzuka kukatereka madzi osamba.

A Custodio atamwalira, abale awo anabwera kudzagawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Malaya, nsapato, makasu, wailesi, zonsezo zinayenda bwinobwino. Pa motinya ndi pamene panavuta. Aliyense anali ndi chifukwa chomveka choti ikhale yake, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuiliza. Anakangana mpaka mthunzi unawathawa. Kenako mng'ono wa malemu, a Joao, munthu wodzitama kuti amadana ndi mikangano, anabwereka sipanala. Motinya ija anaigawa ngati mbuzi ya pamaliro, uyu mwendo, uyu chiwindi. Aliyense anapita kwawo atanyamula chitsulo chake, mtima uli m'malo kuti mnzake sanam'dyere masuku pamutu. Anthu anzeru chotere sapezekapezeka. Mayi wamasiye anamusiyira felemu chifukwa palibe amene anaifuna.

Orlanda tsopano anali mayi wa ana akuluakulu, wogulitsa manachesi kwa madalaivala a mathiraki pa boda. Ganizo linam'peza masana ena akusinza pafupi ndi dengu lake, kutentha kukuvinitsa msewu patali. Anaona motinya ikutsika phiri, ikudutsa pamango, ikukaima kuseri kwa nyumba. Anadziona yekha akulowa n'kunena kuti, Mama, bambo afika, akusamba, ati muyambe kudya. Atatsegula maso anapeza mbuzi ikumudyera nachesi, koma ganizolo linali litakhala kale pansi.

Felemu anaichotsa m'khola momwe nkhuku zinkagonapo, anaitsuka, n'kuisenza mpaka paboma kwa a Zakeyu, makanika wokonza njinga za kabaza pansi pa mtengo kuseri kwa msika. A Zakeyu anali chimunthu chachikulu, chamawu ang'onoang'ono.

"Mayi, ichi n'chiyani? Bedi la mwana?"

"Njinga ya bambo anga."

"Nanga njingayo ili kuti?"

"Ili kwa abale."

A Zakeyu anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kansanza ka oyilo. Orlanda atafotokoza za mayi ake, kuseka kunatha. Anaitembenuza felemu ija uku ndi uku, akuisisita ndi chala.

"Zoterezi masipeya ake anasiya kupanga ine ndisanamere mano," anatero. "Musitolo musavutike nako. Kabweretseni zake zomwe, kaya zachita dzimbiri, kaya zapindika. Chimene chafiratu ndiye tidzachifunira china."

Kunena n'kosavuta. Chinthu cha malemu chikagawidwa sichiitanitsidwa; ukatero ndiye kuti wanena kuti mwini wakeyo anaba, ndipo pamaliro pako adzabwera kudzangokhala osalira. Orlanda ankadziwa zimenezi. Njira inali imodzi, kubwereka. Ndipo pobwereka chinthu chimene aliyense akudziwa kuti sichidzabwerera, umayenera kufika utanyamula china cholowa m'malo mwake. Choncho asanapite kwa munthu, ankayamba wafufuza kuti chitsulo chija akuchigwiritsa ntchito yanji. Mayi ake ankawasiya ndi Iness, mnzake woyandikana naye nyumba.

Injini inali kwa a Joao, padenga, ikupsinja malata kuti asauluke ndi mphepo. Orlanda anafika atasenza mwala waukulu wa kumtsinje, thukuta lili kamukamu. Anautula, anagwada, anafunsa za moyo wa aliyense mpaka wa nkhumba.

"Tiyu, bambo aang'ono, ndabwera kudzabwereka injini ija."

"Kubwereka?" A Joao anayang'ana mwala, anayang'ana denga. "Chabwino. Koma udziwe kuti ndaisamala, mwana wanga. Sinasowepo dzuwa, sinasowepo mvula."

Potsika phiri, injini ili pamutu, kadontho ka oyilo wakuda kanatsetsereka n'kumugwera patsaya. Sanakapukute. Njira yonse ankamva mluzu kumbuyo kwake, uja bambo ake ankaimba akamamanga mabuledi pakaliyala. Atatembenuka ankangoona mapesi a chimanga ndi mwana wa mbuzi. Akayambanso kuyenda, mluzu unkayambanso.

Tanki inali kwa azakhali ake, a Esinati, mlongo wa malemu. Iwo ankasungiramo mbewu ya mtedza, ati makoswe analephera kuiboola. Orlanda anawatengera ndowa yapulasitiki ya chivindikiro cholimba. Vuto linali loti kukamwa kwa tanki n'kochepa, ndiye mtedza unkatuluka umodziumodzi. Anakhala pamphasa masana onse akusinthana kukhutchumula.

"Alamu anga sakudyabe?" anafunsa a Esinati.

"Tiyi basi."

"Tsiku lija tinalakwa, Orlanda. Ine ndinkangofuna kanthu ka mchimwene wanga koti ndizikaona." Anakhutchumulanso, mtedza unagwa. "Koma mtedza wa muno umamera bwino, usaone."

Tanki itapepuka Orlanda anaika mphuno pakamwa pake. Pansi pa fungo la mtedza, kutali kwenikweni, petulo anali akadalimo. Anatseka maso, ndipo kwa kanthawi maondo awiri a munthu wamkulu anam'tchinga mbali zonse kuti asagwe. Azakhali ake anaganiza kuti wagona.

Zinazo zinabwera mosavuta. Tcheni chinali chikumanga chitseko cha khola la mbuzi, ndipo chinamasuka atapereka chingwe chatsopano. Nyali inali mbale yomwera nkhuku. Koma mawilo ndi ekizozi zinamuyendetsa mpaka kwa Nthache, kwa msuweni wake Mateyu, wootcha makala. Wilo limodzi linali pa wilibala, lina lili padera kudikira kuti linzake lithe. Mateyu analandira wilo lakale la kabaza limene a Zakeyu anapereka, anakondwa poti linali lalikulupo. Mkazi wake ndiye anavuta. Ekizozi ija inali paipi yake yotcherezera kachasu, ndipo kachasu wakeyo anali ndi mbiri mpaka tsidya lina.

"Mlamu, anthu amati wanga amathamangitsa," anatero mayiyo atagwira m'chiuno. "Munthu akamwa kapu imodzi amakafika kwawo asanadziwe kuti wanyamuka. Ndiye paipi yanu yamadziyi ichita zimenezo?"

"Yesani kaye. Ikakanika ndidzakubwezerani."

Onse awiri ankadziwa kuti limenelo ndi bodza, koma linali bodza laulemu, ndipo ekizozi inatuluka m'chigolo ikununkha masese.

Manachesi anatha m'mitengo. Pansi pa mtengo wa a Zakeyu motinya inayamba kuoneka ngati chinthu. Injini anaiviika m'dizilo mpaka pisitoni inavomera kusuntha, matayala anapeza a wilibala atsopano olingana, mpando anausokera kwa wosoka nsapato. Koma kunyumba a Piedade ankangotha. Anasiya kudziyendera, m'mawa Orlanda ankawanyamula kupita nawo pakhonde, ndipo ankapepuka ngati mtolo wa udzu wouma. Mawu anachepa. Ankangokhala khutu lili kuphiri. Orlanda anachita mantha, mantha enieni, oti njinga idzalira mwini khutu atapita.

"Chatsala ndi kabuleta," anatero a Zakeyu. "Kachitsulo kosakaniza petulo ndi mpweya. Popanda iko injini ili ngati munthu wopanda kummero."

Kabuleta anali gawo la mng'ono wotsiriza wa malemu, amene anabwerera ku Mozambique n'kukafera komweko. Panalibe womugwadira, panalibe womubwereka. A Zakeyu anayesa wa kabaza, anakula. Dalaivala wina wa thiraki, a Petro, kasitomala wake wa manachesi, analonjeza kukafufuza ku Tete. Anabwera ndi tizitsulo tosiyanasiyana m'jumbo, tonse tokongola, palibe ndi kamodzi kolowa. Orlanda anakwera minibasi kupita ku Blantyre atakulunga chithunzi cha kabuleta chimene a Zakeyu anajambula pakatoni. Ku Ndirande anayenda pakati pa milu ya zitsulo zakale yotalika kuposa iyeyo. Anyamata ogulitsa ankamuitana kuti amayi, amayi, zonse zilipo, ndipo akaona chithunzicho ankaitanizana kuti adzaseke limodzi. Wina anati njinga imeneyo aipereke kumyuziyamu. Pobwerera anatsamira galasi, mapiri akusungunuka m'chifunga cha utsi wa lupsa, n'kumaganiza kuti chitsulo chilichonse m'milu muja chinali ndi mwini wake amene ankamveka akadali kutali, ndi munthu amene ankadzuka kukatereka madzi. Anatsika paboma manja ali lende.

A Zakeyu anam'landira akumwetulira ngati wadya za eni.

"Mwavutika ulendo wautali, mayi, pomwe mankhwala anali kuseri kwa msika konkuno."

Anali atakumbuka kajenereta kakufa ka pa vidiyo sho, kamene mwini wake ankakhalira ngati mpando. Injini yake inali ya mtundu womwewo, yomwa petulo wosakaniza ndi oyilo. Mwini wakeyo anapempha mpando weniweni, ndipo Orlanda, amene tsopano anali katswiri pa malonda otere, anam'tengera wa kunyumba kwake. A Zakeyu anapala apa, anapinda apo, anadula kachidutswa ka silipasi kuti katseke mpata. Kenako anaponda kiki.

Motinya inatsokomola. Anapondanso, inatsokomolanso n'kulavula utsi wonunkha kachasu, moti akabaza amene anasonkhana anayamba kukuwa kuti yaledzera. Anapondanso. Ndipo mawu aja anatuluka, opyapyala, okwera, onjenjemera kumapeto. Orlanda anakhala pansi padothi pomwepo. Anali ataiwala kuti amawadziwa. Analira pamaso pa anthu osachita manyazi, ndipo a Zakeyu anayang'ana kumbali n'kumakonza chinthu chimene chinali chokonzeka kale.

Orlanda ankaganiza kuti a Zakeyu ndi amene adzaiyendetse mpaka kumudzi. Koma atakhalapo, kanjingako kanasowa pansi pawo, matayala anaphwa, maondo anafika m'makutu. Akabaza anakana, ati angawaseke anzawo. Ndiye Orlanda anavala buluku mkati mwa chitenje n'kupita pabwalo la mpira. Anagwa, anadzuka, anagunda golo, anathamangitsa nkhuku za eni. Amayi anzake a pa boda anabwera kudzaonerera atasiya malonda. Pofika masana a tsiku lina anali atazungulira bwalo lonse osaponda pansi, ndipo a Zakeyu anati basi, zotsalazo msewu udzamuphunzitsa. Anam'bwereka chipewa cholimba cha akabaza ndi jekete yawo, imene inam'fika m'maondo.

Ananyamuka dzuwa litayamba kupendeka. Anali atauza Iness kuti aphike futali wa mbatata, wofewa, wothira nsinjiro zambiri. Msewu wafumbi unali wofiira ndi kuwala kwa madzulo, ndipo motinya inkayenda pang'onopang'ono moti amayi osenza nkhuni ankatha kumulonjera iye n'kuyankha. Nkhalamba zina m'mbali mwa njira zinkaimirira, dzanja lili pachipumi. Gogo wina anafuula kuti buledi, kenako anadzigwira pakamwa. Orlanda sankamvanso thupi lake. Ankangomva kunjenjemera kwa handulo kukukwera m'manja mpaka m'mano, ndipo sankadziwa bwinobwino kuti ndi chaka chiti chimene akuyendamo. Pokwera phiri lomaliza anabwereza mawu ake mumtima: akazungulira kuseri, akazimitsa, akavula chipewa ndi jekete, akalowa ngati akuchokera kudimba.

Sanafike kuseriko. A Piedade, amene kwa masabata sanapondepo pansi okha, anali ataimirira pakati pa bwalo. Mpango anali atamanga bwinobwino. Iness anali pakhomo la khitchini, chikombe chili m'manja, kukamwa kuli yasa. Orlanda anagwira buleki ndi mphamvu zake zonse, motinya inaima pafupi ndi mapazi a mayi ake n'kuzima yokha.

"Bambo a Orlanda," anatero a Piedade, "mwachedwa."

Orlanda anafuna kunena kuti Mama, ndine. Anayang'ana timiyendo tija tikunjenjemera, tamanja tija, ndipo mawu amene anatuluka anali ena.

"Njinga inavuta panjira."

"Ndinadziwa. Lowani."

Orlanda anawagwira mkono n'kukwera nawo pakhonde. Iness anabweretsa futali ndi madzi, anaika pansi n'kubwerera chammbuyo. Orlanda anavula chipewa pang'onopang'ono, akudikira kuti zonse zithere pomwepo. A Piedade anamuyang'ana kumaso nthawi yaitali, pafupi, mopanda kukayika.

"Mwada ndi dzuwa," anatero. "Sambani m'manja."

A Piedade anam'thirira madzi iwo eni, jagi ikugwedera, madzi ambiri akutayikira pansi. Anadikira kuti iye ayambe. Orlanda anatapa futali n'kuika m'kamwa, osamva kukoma kulikonse. Pamenepo a Piedade anasamba m'manja, anatapa, anadya. Anatapanso. Orlanda anaona kummero kwawo kukuyenda, ndipo chimwemwe chinam'gwira mpaka kumva chizungulire.

Dzanja la mayiwo linaima m'malere.

"Nanga mwana mwamusiya kuti? Ndimayesa muli naye."

"Mwana uti?"

"Orlanda. Papita nthawi ndisanamuone. Pali mayi wina amabwera kuno, wamtima wabwino, amandinyamula, amandipatsa tiyi. Koma mwana wanga sindikumuona." Anayang'ana kumsewu, futali ali m'manja. "Ngati sanadye, ine sindidya."

Orlanda anamva chisoni chimene sanachimvepo ngakhale tsiku loika bambo ake. Anagwira mphasa ndi dzanja limodzi kuti mawu asagwedere.

"Ali bwino," anatero. "Wadya kale. Idyani."

A Piedade anagwedeza mutu n'kuika futali m'kamwa. Orlanda anawasunthira mbale pafupi.